Miyala Iwiri Yonolera ya a Alufandika

Ukamatsika kanjira kochokera ku msika wa Matawale umayamba kumva nyundo usanaone nyumba. Pamenepo ndi pa a Alufandika, osula mipeni. Ife amayi timawadziwira pa timipeni tathu todulira masamba, koma ntchito yawo yeniyeni ndi mipeni ikuluikulu ya mitundu iwiri: ya alenje ndi yozingira mbuzi.

A Alufandika anabadwira kuseri kwa malire, ku Mozambique. Analowa muno nthawi ya nkhondo ndevu zitangoyamba kumera, atasenza mvukuto wa amalume awo. Ganyu yoyamba anaipeza pamwamba pa phiri la Zomba, kunolera masowo anthu ocheka matabwa a paini. Kumeneko, m'nkhungu ndi chisanu, ndi komwe anaphunzira kuti chitsulo chili ndi mitundu ngati anthu. Atatsika phiri anakwatira a Consolata, namanga kachisakasa ka malata akale pafupi ndi nyumba, nayikamo chidutswa cha njanji chosulirapo.

Chitsulo chawo ndi sipuling'i ya lole yakale yotola m'magalaji. Amaigogoda kaye n'kumvera kulira kwake. Ikalira mosasa amaisiya, akuti ili ndi mng'alu m'kati. Mpeni akausula amauotcha mpaka ufiire ngati papaya lakupsa, kenako n'kuuviika mu oyilo wakuda wa injini. Mtengo umasiyana pa chigumbu, chogwirira chija. Chaka chomwe nkhaniyi inachitika, cha 2009, wa chigumbu cha mlombwa unali K1,800, wa mphingo K2,500, wa nyanga ya ng'ombe K3,000. Chimake, thumba lachikopa losungiramo mpeni, ankasoka a Consolata. Munthu akadandaula kuti mu msika ya K300 ilimo, a Alufandika sankakangana naye.

"Kaguleni," ankatero. "Ndi yokongola, mungadziyang'anirepo pometa. Koma tsiku lomwe idzakumane ndi fupa idzapindika ngati sipuni, ndipo nguluwe siyidikira kuti muwongole."

Chomwe chinawadyetsa zaka zonsezi, komabe, ndi miyala iwiri yonolera. Wina unali m'chisakasa. Wina unali kuseri, pansi pa mtengo wa mango, ndi chitini chake cha madzi komanso kansanza kake. Mpeni wa mlenje, womwe wagwirapo nguluwe, sunkalowa m'chisakasa ukangochoka pakhomopo koyamba. Unkathera pa mwala wa kuseri. Iwo eni ake ndi Akatolika, nkhumba amadya. Koma theka la makasitomala awo anali Asilamu ogulitsa nyama ya mbuzi pa Songani, omwe chilichonse chokhudzana ndi nkhumba, ya pakhomo kapena ya m'tchire, ndi chodetsedwa kwa iwo. Yemwe ankazingira mbuzi ogulitsa nyama onsewo anali Che Jafali, mkulu wa ndevu zoyera. Tsiku loyamba kufika pa a Alufandika, Che Jafali anayang'ana mwala wa m'kati, anazungulira kuseri kukayang'ana winawo. Sabata yotsatira anabwera ndi mipeni ya anzawo onse itakulungidwa m'chiguduli. Zinakhala choncho zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Panali chinthu chimodzi chomwe a Alufandika ankabisa. Maso anayamba kuchita nkhungu. Dzanja linali lolimba, khutu linali lakuthwa, koma nkhope ya munthu woima pakhomo inkaoneka ngati ali kuseri kwa utsi. Ankaopa kuti zikamveka, palibe adzaperekenso mpeni kwa wosula wosaona. A Consolata ankaona tiyi akuthiridwa pambali pa kapu, ankangopukuta.

Sabata ina, mu Febuluwale, panabwera ntchito ziwiri. Che Jafali anaitanitsa mpeni watsopano wa chigumbu cha mphingo. Loweruka kunali sadaka, mwambo wokumbukira malemu, ya bambo ake a Twaibu, mmodzi wa ogulitsa nyama aja, ndipo ankafuna kuzinga mbuzi zitatu ndi mpeni wosagwirapo kanthu. Wina anali Benson, mlenje wa m'tsinde mwa phiri, amene anthu amamuitana ndi agalu ake nguluwe zikayamba kugwetsa chimanga. Mpeni wake unathyoka chigumbu, ndipo nayenso anati akufuna mphingo. Mipeni iwiriyi inachokera ku sipuling'i imodzi, kutalika kumodzi, dzanja limodzi. Wa Benson unali wa miyezi itatu yokha, ndipo utapalidwa ndi sandipepa unawala ngati wa dzulo.

Lachitatu madzulo mvula inagwa mwadzidzidzi. Chigumbu cha Benson chinali chisanagwire bwino, ndiye a Alufandika anathamanga kuseri, anatola mpeniwo n'kuuika kumapeto kwa benchi m'chisakasa. Anadziuza kuti ndi usiku umodzi wokha. Lachinayi m'mawa, asanaubwezere, anafika Che Jafali. Pa benchi panagona mipeni iwiri ya zigumbu zakuda. Akanayendetsa chala pamsana pa mpeni akanadziwa wake wa yani. Koma Che Jafali anali ataima pompo akuyang'ana, ndipo kupapasa ntchito yako ngati wakhungu pamaso pa kasitomala kunali kudziulula. Anatola womwe unali kumanja, anaulowetsa m'chimake chatsopano chofiira, napereka ndi manja awiri. Wotsalawo anaulowetsa m'chimake chakale cha Benson n'kukaupachika pa mango.

Loweruka dzuwa litangotuluka, Benson anafika agalu awiri akumutsata.

"Madala, mwadzuka bwanji? Mkazi wanga wachiwiri uja wachira?"

"Wachira. Ali pa mango apo, katenge."

Benson anasolola mpeni, anautembenuza, anaupendeketsa ku dzuwa.

"Uwu si wanga uwu."

"Ndi wako. Chigumbu chatsopano chakusokoneza."

"Madala, mkazi angasinthe chitenje, koma mwini wake samusowa. Wanga uli ndi timizere titatu pamsana, ndinadula ndekha ndi tupa. Nguluwe zitatu. Uwu ndi namwali, sunalawepo magazi."

A Alufandika analanda mpeniwo, anayendetsa chala chachikulu pamsana pake kuyambira pa chigumbu mpaka kunsonga. Panali posalala. Anabwerezanso.

Benson anawayang'ana, kenako anayang'ana m'chisakasa, nayamba kuseka chapansipansi.

"Ndiye wangawo wapita kwa ndani? Musandiuze kuti uli ndi achimwene athu a ku Songani."

"Usaseke, Benson."

"Sindikuseka. Ndikuti nkhani yaphweka. Ine nditenga uwu, iwo asunge uwo. Munaupala, munaunola, munaupukuta. Adziwa ndani? Agalu angawa sayankhula."

Zinali zoona. Che Jafali akanaona timizere tija akanayesa ndi chizindikiro cha wosula. Mbuzi zikanazingidwa, anthu akanadya, akanapemphera n'kubalalika. A Alufandika anaima ndi mpeni m'manja, akuganiza za mipeni khumi ndi iwiri yomwe inkabwera mwezi ndi mwezi kuchokera ku Songani. Ankadziwanso kuti pakamwa pa Benson sipasunga kanthu akalawa kachasu. Koma ngakhale Benson akanakhala bubu, iwo eni akanamupatsa bwanji moni Che Jafali mwezi wamawa?

A Consolata anali pakhonde ndi tsache m'manja. Anamva zonse.

"Bambo a Melissa, sadaka amazinga nthawi yanji?"

"Dzuwa likangokwera pang'ono."

"Anthu aja akadya pokhulupirira inu. Valani nsapato."

A Consolata anathamangira kwa aneba kukabwereka foni. Che Jafali analibe foni, ya Twaibu inali yozima. Pobwera anapeza amuna awo avala jekete, mpeni watsopano uja uli m'kati.

"Nanga ine ndipita ndi chiyani kutchire?" anafunsa Benson.

"Wako ubwera masana."

Kabaza anawatula pamsewu waukulu. Minibasi ya ku Liwonde inali itaima, yosadzaza, kondakitala akuitanira: "Songani, Domasi, Malosa, awiri okha tinyamuke." A Alufandika anakwera, ena awiri anakweranso, koma sinanyamuke. Dalaivala ankangoliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso m'mbuyo. A Alufandika ankamva dzuwa likutentha pa tsaya kudzera pa windo, ndipo ankadziwa kuti likukwera. Ananyamuka pamapeto pake, n'kumaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja. Mayi wina anakweza mabasiketi a tomato, wina anatsika n'kumakangana za chenji.

Ali m'njira anamva kafungo kochokera m'jekete mwawo, ka mafuta akale ndi magazi ouma. Chimake cha Benson. Mpeni watsopano, womwe amathamangira kukapereka kuti ndiwo woyera, unagona masiku awiri m'chikopa chomwe chinamwa magazi a nguluwe zitatu. Anatseka maso. Anapempha nyuzipepala kwa bambo wokhala pambali pawo, anasolola mpeni mobisa pakati pa mawondo, anaukulunga, chimake n'kuchiika thumba lina. Zinali zosathandiza, ankadziwa, koma manja ankafuna chochita.

Kwa Twaibu ndi kuseri kwa msika wa Songani, kuwoloka kamtsinje. Anapeza pabwalo padzaza. Amayi anali kuseri ndi mapoto akuluakulu a mpunga, abambo atakhala pa mikeka, ambiri atavala mikanjo yoyera. A Alufandika sankaona nkhope, koma chinthu chotuwa chomwe chinkalendewera pa nthambi ya mtengo wa mapeyala anachizindikira. Mbuzi yoyamba inali itasendedwa kale. Yachiwiri inali pansi, amuna awiri ataipanikiza, ndipo Che Jafali anali atawerama, mpeni m'dzanja.

"Che Jafali, taimani kaye."

Mkuluyo anadzutsa mutu.

"A Fandika. Mwatsata ntchito ya manja anu? Bwerani muone, ukudya ngati lezala. Twaibu, apatseni pokhala alendo."

"Ndili ndi mawu apambali."

"Mbuzi yagona kale, siyabwino kuizunza. Nenani pompano, kapena dikirani ndimalize."

Abambo a pa mkeka anali atasiya kucheza.

"Mpeni uli m'manja mwanuwo si wanu. Ndinasinthanitsa. Ndi wa mlenje. Wasendapo nguluwe."

Amuna ogwira mbuzi aja anamasula manja, mbuzi inadzuka n'kuthawa mpaka pomwe chingwe chinathera. Che Jafali anayang'ana mpeni, anaona timizere titatu tija, anawerama n'kuuika pansi patali ndi phazi lawo. Manja anawatambasula kutali ndi mkanjo.

Twaibu, mwamuna wa thupi lalikulu, anadzuka pa mkeka pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndati ndalakwa, achimwene."

"Musanditchule achimwene. Pa sadaka ya bambo anga? Bambo anga amene sanapondepo ngakhale pakhomo poweta nkhumba?" Anayandikira mpaka a Alufandika anamva mpweya wake kumaso. "Mwatumidwa ndi ndani? Kapena mumatiseka kumbali inu anthu, kuti tiyeni tiwadyetse tione?"

Ena anayamba kudzuka. Wina anayankhula m'Chiyao mawu omwe a Alufandika anawamva bwino lomwe, oti munthuyu asachoke. Kuseri amayi anasiya mapoto, anaunjikana pakona pa nyumba.

"Twaibu, khala pansi," anatero Che Jafali, osakweza mawu. "Wotumidwa sakwera minibasi kudzadziulula." Kenako anatembenukira kwa wosula. "Munanolera pa mwala uti?"

"Wa kuseri. Mwala wanu sunadetsedwe."

"Nanga wanga uli kuti?"

A Alufandika anatulutsa mpukutu wa nyuzipepala. Akanatha kungopereka. Palibe akanafunsa.

"Ndi uwu. Koma nawonso wagona m'chimake cha mlenje yemweyo kuyambira Lachinayi."

Wina pa mkeka anatsonya. Twaibu anaseka kuseka kowawa, anagwira m'chiuno n'kuyang'ana kumwamba.

"A Fandika," anatero Che Jafali, "zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu simunasakanizepo ngakhale kansanza. Zatheka bwanji?"

Mayankho analipo. Mvula ya Lachitatu inalipo, ndipo onse anaiona. Akanatha kunena kuti mayi a kunyumba ndi omwe anasokoneza poika m'zimake, a Consolata sakanawatsutsa pagulu. A Alufandika anayang'ana chinthu choyera chomwe chinali nkhope ya mnzawo.

"Ndi maso. Pano pomwe mwaimapo nkhope yanu sindikuiona, ndikukudziwirani mawu. Chaka chatha tsopano. Tsiku lija pa benchi panali mipeni iwiri. Ndinachita manyazi kupapasa inu mukuona, ndiye ndinangotola."

Ogulitsa nyama onse a pa Songani anali pa mikeka imeneyo, ndipo onse anamva.

Che Jafali anaitanitsa ndowa ya madzi ndi dothi la pamalo ouma. Anasamba m'manja kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, akuwerenga chapansipansi. Anatsuka mpeni watsopano uja chimodzimodzi, anaupukuta, koma sanaugwiritse ntchito. Anaupereka kuti akausunge m'nyumba.

"Wayera," anatero. "Koma mitima ya anthu awa siyera lero."

Anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa mpeni wakale, wotha mpaka kuonda ngati tsamba la nsungwi. Unali woyamba womwe a Alufandika anawasulira. Anaunola pa chikopa, nauza amuna aja kuti agwirenso mbuzi.

Twaibu anapita pa mtengo wa mapeyala, anadula chingwe, nyama inagwa pa masamba a nthochi omwe anayala pansi.

"Tengani. Mukadye ndi alenje anu."

"Ndibweretsa mbuzi ina."

"Sadaka ndi lero, bambo. Anthu awa abwera kuchokera ku Malosa, ena ku Machinga. Adya mbuzi ziwiri m'malo mwa zitatu, ndipo adzakumbukira chifukwa chake."

A Alufandika anatola mpeni wa Benson pansi, anaubwezera m'chimake chake chakuda. Anapempha thumba, palibe anasuntha, mpaka mayi wina wachikulire anaponya chiguduli kuchokera pakona. Anakulunga nyama, anasenza paphewa, nawoloka kamtsinje kaja okha. Pambuyo pawo anamva mbuzi yachiwiri ikulira, kenako inaleka.

Lolemba a Consolata anamasula mbuzi yawo imodzi yomweyo, yomwe ankasungira Khirisimasi, n'kuikweza pa njinga. Twaibu anailandira osapereka moni.

Sabata zisanu zinadutsa osaoneka munthu wa ku Songani. Mwala wa m'chisakasa unauma. Ogulitsa nyama anayamba kunoletsa kwa wina wa ku Domasi, ndipo mbiri ya maso inafika mpaka m'tauni, moti ngakhale alenje ena anayamba kukayikira. Pakhomopo ankadyera timipeni tathu ta masamba, K20 kunola umodzi. A Alufandika sanadandaule kwa munthu. Ankakhala pa benchi ndi tupa, akupala nyanga za ng'ombe zomwe anakatola kophera ng'ombe.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachiwiri, njinga inaima pakhomo. Anali Che Jafali, ndi mipeni iwiri yokha, yawoyawo. Anakhala pa chitsa, anafunsa za mvula, za chimanga, za ana. Kenako a Alufandika anatenga mipeni iwiri yomwe anali atangomaliza n'kuwapatsa.

"Tsinzinani, mugwire."

Che Jafali anatsinzina. Wina unali wa chigumbu cha mtengo, chosalala ngati dzira. Wina unali wa nyanga, chodulidwa mizeremizere yozama kuzungulira chonse.

"Wa nyanga ndi wa kuseri," anatero a Alufandika. "Mlenje sadzalandiranso chigumbu cha mtengo pano. Wozinga mbuzi sadzalandira cha nyanga. Ngakhale mumdima dzanja lidziwa."

Che Jafali anautembenuza wa nyangawo, anaubweza, napukuta dzanja pa mkanjo mwachizolowezi ngakhale unali usanagwirepo kanthu.

"Ndipo kuchipatala mupita liti?"

"Mayi a Melissa akuti Lachisanu."

"Amvereni. Noleni iyi, ndidikira."

Mwa ogulitsa nyama aja anabwerera asanu, mmodzimmodzi, m'miyezi yotsatira. Twaibu sanabwerere mpaka lero, akakumana mu msika amayang'ana kumbali. A Alufandika diso limodzi anawapala kuchipatala ndipo likuona, linalo linakana. Benson anakangana nawo tsiku lonse atamuchotsera mphingo wake n'kumuikira nyanga, akuti imazizira m'manja m'mawa, akuti alipira kawiri akamubwezera mphingo. Anauzidwa kuti sizitheka, ngakhale atabwera ndi ng'ombe yamoyo.

Masiku ano ukapita kukatenga mpeni pa a Alufandika, ngakhale kako ka anyezi, sakupatsa msanga. Amagwira kaye chigumbu, kenako amayendetsa chala pamsana pake kuyambira pansi mpaka kunsonga, pang'onopang'ono, iwe ukuona.